Citsamba Cimene Cinabala Mankhwala a Nthenda ya Shuga

M'madambo a ku Ulaya mumamera citsamba ca mtundu wa nyemba, ca maluwa oyera kapena obiriwira, cimene anthu ophunzira amacichula Galega officinalis. Alimi a kumeneko anali kudyetsa ziweto masamba ace kuti zicurukitse mkaka, ndipo asing'anga anali kucimwetsa odwala malungo ndi olumidwa ndi njoka. M'caka ca 1772 John Hill wa ku England analemba kuti cimathandiza munthu womva ludzu losatha ndi wokodza kawiri-kawiri. Izi ndizo zizindikiro za nthenda ya shuga, ngakhale masiku amenewo panalibe wodziwa kuyesa shuga wa m'mwazi.

Koma citsambaco cinali ndi ululu. Nkhosa zikacidya kwambiri zimafa. Akatswiri atacisanthula anapezamo mphamvu ya mtundu wa guanidine, ndipo m'caka ca 1918 kunaoneka kuti guanidine amatsitsadi shuga m'mwazi wa nyama, koma amapwetekanso thupi. Ku Germany anapanga mankhwala ofanana naye ochedwa Synthalin m'caka ca 1926. Anthu anawamwa zaka zingapo, kufikira madotolo anaona kuti alikuononga ciwindi, nawaleka.

Pamenepo mitima ya madotolo inali kale kwina. Ku Toronto, Banting ndi Best anali atapeza insulin, ndipo mu January 1922 mnyamata wina amene anali pafupi kufa anabayidwa nakhala ndi moyo. Caka comweco ku Dublin, Emil Werner ndi James Bell anapanga metformin, mbale wace wa guanidine. Ndani akadasamala za ufa wosadziwika pamene ana anali kudzuka pa mphasa ya imfa? Panapita zaka zoposa makumi atatu usanayambe kuperekedwa kwa odwala shuga.

Amene anaukumbukira ndiye dotolo Jean Sterne wa ku Paris. Iye anayesa muyeso wace mosamala pa odwala, nalengeza zimene anapeza m'caka ca 1957, naupatsa dzina lakuti Glucophage, ndiko kunena "wakudya shuga". Nchito yace yaikuru njoletsa ciwindi kuthira shuga wambiri m'mwazi. A ku America anacedwa kuulandira kufikira 1995, poopa zimene anacita mnzace phenformin, amene anaphetsa anthu naletsedwa.

Lero metformin ndiye mankhwala oyamba amene ambiri odwala shuga ya akuru amalandira ku cipatala, ku Blantyre, ku Lusaka ndi ku Harare komwe. Citsamba ceni-cenico palibe dotolo angamwetse munthu, pakuti mphamvu ya m'masamba ace siyeseka. Ku America aciwerengera pakati pa maudzu oipa oyenera kuzulidwa m'mabusa.