Mayina a umisiri m'kalasi za ku Tsangano ndi Macanga

Mwana wa ku Furancungo kapena ku Tsangano mukamufunsa ntchito imene akufuna kudzagwira, kawirikawiri amatchula uphunzitsi, unamwino kapena upolisi. Umisiri sautchula, chonsecho chigayo cha m'mudzi chikafa, anthu onse amasakasaka munthu mmodzi yemweyo wodziwa kumasula injini. Ndikuona kuti gawo lina la vutoli lili pa mawu. Ana amamva mayina a ntchitozi m'zilankhulo zosiyana, koma palibe wowakhazika pansi n'kuwamasulira kuti dzina lililonse likuimira munthu wotani.

Buku la kusukulu limati pedreiro, carpinteiro, serralheiro, electricista. Pamsika wa Biriwiri, m'malire ndi Ntcheu, anthu omwewo ndi bilida, kalipentala, wowotcherera ndi wa zamagetsi. Agogo amadziwanso wosula, uja ankapukusa mvukuto n'kutulutsa makasu ndi nkhwangwa. Kusiyanaku sikuthera pa mayina. Wogula malata ku Malawi amanena mafiti ndi geji, pomwe ku Mozambique amayeza ndi mamita. Soketi za ku Malawi n'za mano atatu amakona, za tsidya lino n'za mano obulungira. Mmisiri wa m'malire ayenera kudziwa zonsezi, apo ayi aononga katundu wa mwini.

Mawu ofunika kwambiri kukambirana ndi aja osonyeza makwerero a ntchito, ndipo ndi amene amasokoneza ana. Pansi pali ganyu, amene m'Chipwitikizi amati biscate: wagwira lero, walandira, mawa zake n'zina. Kenako pali ajudante, wokanda matope, woponya njerwa, wogwirira thabwa pamene wina akucheka. Munthu akhoza kukalamba ali ajudante osagwirako levulo, chifukwa anamulemba kuti athandize, osati kuti aphunzire. Aprendiz ndi wina. Iye pali pangano loti aphunzitsidwe, ndipo amaloledwa kulakwitsa n'kukonza. Pamwamba pali mestre, mwini oficina (malo ogwirira ntchito), amene amayeza, kuwerengera mitengo ya zipangizo, kutchula mtengo wa ntchito, ndipo khoma likang'aluka mlandu ndi wake. Mnyamata wosiya sukulu n'kumati akukaphunzira zomanga, koma n'kukathera pa wilibala, nthawi zambiri sankadziwa kuti ajudante ndi aprendiz ndi anthu awiri. Akanadziwa, akanafunsa asanayambe kuti, "Kodi a mestre, mudzandipatsa liti mpeni womangira?"

Dzina loti ntchito zamanja nalonso limandivuta, chifukwa limabisa mutu. Womanga chigafa cha fodya ku Macanga amawerengera kulemera kwa masamba aawisi ndi kayendedwe ka mphepo. Wokonza jeke yodindira mabelo, kapena woika sola padenga la mlimi wa kachewere ku Tsangano, akugwiritsa ntchito masamu omwe aja ana amati alibe phindu. Atsikana azimva zimenezi ali m'kalasi momwemo, asamangolozeredwa ku makina osokera ngati kuti waya wa magetsi umasankha dzanja.

Ndiye pali setifiketi. Malasha a ku Moatize, amene kampani ya Vale inayamba kukumba mu 2011 n'kudzagulitsa mgodiwo kwa Vulcan mu 2022, anatsegula ntchito za owotcherera, amakaniko ndi amagetsi. Koma kampani yaikulu siifunsa kuti mudzi wanu umakutamani bwanji, imafuna pepala. Ana ayenera kumva dzina la IFPELAC, bungwe la boma lophunzitsa ntchito zaluso, ndi la ANEP, limene limayang'anira maphunzirowa ndi ziphaso zake. Amene ali ndi abale tsidya lina adziwenso TEVETA ya ku Malawi, yomwe inakhazikitsidwa mu 1999. Adziwenso estágio, nthawi yokayeserera ntchito pakampani munthu asanalembedwe.

Mpata wokambirana zimenezi ulipo kale. Ndondomeko ya maphunziro a pulayimale ya 2004 inabweretsa phunziro la Ofícios, n'kusiya gawo limodzi mwa magawo asanu a nthawi kuti likhale la zinthu za m'deralo. Chinyanja nachonso si mlendo m'kalasi za ku Tete, poti ndi kuno ndi ku Gaza kumene anayesera kuphunzitsa m'zilankhulo ziwiri kuyambira 1993. Mphunzitsi angaitane kalipentala wa pamsika, abwere ndi sikweya ndi tepi yake, ana alembe pabolodi dzina la chida chilichonse m'Chinyanja ndi m'Chipwitikizi. Akatha apo amufunse anaphunzira kwa yani, anayamba liti kulandira ndalama yakeyake, ndiponso amawerengera bwanji mtengo wa chitseko chimodzi kuyambira thabwa, misomali, guluu ndi mahinjesi mpaka thukuta lake.