Kubwereza referendamu ya ufulu wa Scotland: ciyambi ca nkhaniyi ndi pamene pagona mkangano

Pa 18 September 2014 anthu a ku Scotland anaponya voti pa funso lakuti kodi dziko lao licoke mu United Kingdom ndi kuima palokha. Ambiri anakana. Koma kuyambira mu 2017 atsogoleri a boma la Scotland anapempha kangapo kuti funsoli libwerere kwa anthu, ndipo boma la ku London linakana. Mkanganowu wagona pa mfundo ziwiri: mwini mphamvu zoitanitsa referendamu ndani, ndipo payenera kupita nthawi yotani anthu asanafunsidwenso.

Ciyambi cake

Scotland ndi England anagwirizana kukhala ndi nyumba ya malamulo imodzi m'caka ca 1707. Mu 1999 Scotland inakhalanso ndi nyumba yake ya malamulo mu mzinda wa Edinburgh, imene imayang'anira nkhani monga za maphunziro ndi za umoyo. Nkhani za citetezo, za maiko akunja ndi za mgwirizano weniweniwo zinatsala m'manja mwa nyumba ya malamulo ya ku London.

Pa masankho a 2011 cipani cofuna ufulu ca Scottish National Party, kapena kuti SNP, cinapata mipando 69 pa mipando 129. Mu October 2012 nduna yaikulu ya Britain, a David Cameron, ndi mtsogoleri wa boma la Scotland, a Alex Salmond, anasaina pangano ku Edinburgh. Potsatira panganoli, London inabwereka Scotland mphamvu zocititsa referendamu imodzi yokha.

Pa cisankhoco anthu 2,001,926, amene ndi maperesenti 55.3, anakana ufulu, ndipo 1,617,989 anavomera. Oponya voti anafika maperesenti 84.6 a olembetsa, kuphatikizapo acinyamata a zaka 16 ndi 17. A Salmond anatula pansi udindo, ndipo mai Nicola Sturgeon analowa m'malo mwao.

Cimene cinautsanso nkhaniyi

Pa 23 June 2016 United Kingdom yonse inavota pa nkhani yotuluka m'bungwe la maiko a ku Ulaya la European Union. Ofuna kutuluka anapambana ndi maperesenti 51.9. Koma ku Scotland maperesenti 62 anafuna kukhalabe m'bungwelo, ndipo m'madera onse 32 a makhonsolo a kumeneko ofuna kukhala ndiwo anacuruka. Ngakhale zinali tero, Scotland inatuluka pamodzi ndi anzake pa 31 January 2020.

Mai Sturgeon anapempha referendamu yaciwiri mu March 2017, koma nduna yaikulu, mai Theresa May, anayankha kuti nthawi yake sinali imeneyo. A Boris Johnson naonso anakana mu January 2020.

Zimene mbali ziwirizi zimanena

Ofuna kubwereza amati zinthu zinasintha kwambiri. Mu 2014 ovota anauzidwa kuti njira yotsimikizika yokhalira mu European Union inali kukana ufulu, koma patapita zaka ziwiri zokha zinatembenuka. Amakumbutsanso kuti pa masankho a 2021 SNP inapata mipando 64 ndipo cipani ca Greens cinapata 8, kotero kuti aphungu ofuna referendamu anali oposa theka la nyumba.

Otsutsa amati atsogoleri a SNP eni ake ananena kuti cisankho ca 2014 cinali mwai wobwera kamodzi pa m'badwo. Iwo amati ngati wogonja aloledwa kufunsa mobwerezabwereza kufikira atapambana, ndiye kuti mau a anthu oposa mamiliyoni awiri amene anakana alibe nchito, popeza voti yokana ingabwerezedwe pamene voti yovomera singabwezedwe. Amachulanso zotsatira za masankho a July 2024, pamene mipando ya SNP ku London inatsika kufika pa 9 kucokera pa 48 imene inapata mu 2019.

Cigamulo ca khoti

Mu June 2022 mai Sturgeon analengeza kuti afuna referendamu icitike pa 19 October 2023, ndipo nkhaniyi inaperekedwa ku khoti lalikulu koposa la United Kingdom. Pa 23 November 2022 oweruza onse asanu anagamula kuti nyumba ya malamulo ya Scotland ilibe mphamvu zokhazikitsa lamulo la referendamu yotere popanda cilolezo ca London, ngakhale itakhala yongofuna kumva maganizo a anthu. Referendamuyo sinacitike. Khoti linayankha za mwini mphamvu, koma silinanene zimene Scotland iyenera kukwaniritsa kuti ipatsidwe cilolezoco.

Kumene anabwerezapo kale

Kubwereza referendamu si kwacilendo. Ku Scotland komweko, mu 1979, ovomera kukhala ndi nyumba yao ya malamulo anacuruka pang'ono, koma sanafike pa maperesenti 40 a olembetsa onse monga momwe lamulo linafunira. Funsolo linabweranso mu 1997, ndipo maperesenti 74 anavomera.

Ku Canada, cigawo ca Quebec cinavota kawiri pa nkhani yodzilamulira. Mu 1980 okana anali pafupifupi maperesenti 60, koma mu 1995 anatsika kufika pa 50.6. Pambuyo pake, mu 2000, Canada inakhazikitsa lamulo lakuti boma lingakambirane za kupatukana pokhapokha funso litakhala lomveka ndipo opambana atacuruka moonekeratu.

Ku Northern Ireland, imene ilinso mu United Kingdom, lamulo la 1998 limanena kuti voti yofunsa za kugwirizana ndi dziko la Ireland singabwerezedwe zaka 7 zisanathe.

Pangano la Edinburgh la 2012 linalibe mfundo yotere. Silinachule zaka zoyembekezera, kapena cimene cingacititse kuti anthu afunsidwenso. Ici ndico cifukwa cake pempho lililonse la Scotland linathera pa yankho la nduna yaikulu imene inali pa mpando ku London pa nthawiyo.