Mfuti ya Mpweya ndi Mipanda ya ku Claremont

M'nyumba zakale za ku Claremont, kummwera kwa mzinda wa Cape Town, simulephera kupeza mfuti ya mpweya itabisala kuseri kwa kabati kapena pamwamba pa shelefu m'galaja. Eni ake amati windbuks. Ndagwira ntchito ya m'gadeni m'dera lino kwa nthawi yaitali chichokere kwathu ku Ntcheu, ndipo mfuti zotere ndaziona zambiri, zina za BSA za ku England, zina za Gecado za ku Germany, thunthu lake litachita kuwala ndi manja a anthu. Nkhalamba zimanena kuti zidaphunzirira kuwombera kuseri kwa nyumba, zikulasa zitini. Lero mdzukulu akafuna kuchita chimodzimodzi pa malo omwewo, nkhani imatha kufika kupolisi. Mfuti ndi yomweyo. Chidasintha ndi malo ndi anthu ake.

Kale kuno kudali minda ikuluikulu. Katswiri wa zakuthambo John Herschel adakhala pa munda wa Feldhausen kuyambira 1834 mpaka 1838, akuunika nyenyezi usiku popanda nyali ya mnansi yomusokoneza, ndipo chipilala chomukumbukira chikadalipo pafupi ndi sukulu ya Grove. Mu 1845 Ralph Arderne adagula malo amene lero ndi Arderne Gardens, kumene akwati amakajambulitsa Loweruka. Pa malo otero munthu akadawombera mbali iliyonse, chipolopolo n'kugwera m'munda mwake momwe. Njanji yopita ku Wynberg itatsegulidwa mu 1864, minda idayamba kudulidwa mapuloti. Claremont idakhala ndi khonsolo yakeyake mu 1886, ndipo mu 1913 idamezedwa ndi Cape Town. Mfuti za sipuling'i zotsika mtengo zidafala m'zaka zomwezo kumayambiriro kwa m'ma 1900, n'kusanduka mphatso ya mnyamata wa m'banja lopeza bwino, monga legeni kwa ife. Zolasa zidalipo: agologolo otuwa ndi mbalame za starling zimene Cecil Rhodes adabwera nazo kuchokera kunja zinkadya zipatso m'magadeni.

Koma Claremont sidali ya eni magadeni okha. Mzikiti wa pa Main Road udayamba mu 1854, ndipo m'timisewu ta kumunsi kwa njanji, kumene lero amati Harfield Village, mudadzaza mabanja a amisiri, osoka zovala ndi ochapa, nyumba zitagundana khoma ndi khoma. Kumeneko mwana sakadaloza mfuti pena paliponse osaonedwa ndi mayi wa nyumba inayo. Lamulo la Group Areas la 1950, logawa malo okhala potengera mtundu wa anthu, lidaphwanya zonsezi: m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 mabanjawo adasamutsidwa mokakamiza kupita ku Cape Flats, ku madera onga Hanover Park ndi Manenberg. Imam Abdullah Haron, wa mzikiti wa pa Stegman Road, adafera m'manja mwa apolisi pa 27 Sepitembala 1969. Patangopita zaka zitatu, mu 1972, sitolo za Cavendish Square zidatsegulidwa. Pang'onopang'ono mipanda ya maluwa idasanduka ya konkire yotchedwa vibracrete, kenako mawaya amagetsi pamwamba, ndipo puloti limodzi lidayamba kunyamula nyumba zingapo. Anthu adayandikana kwambiri, koma adasiya kudziwana.

Lamulo nalo lidatsatira. Firearms Control Act ya 2000, imene idayamba kugwira ntchito mu 2004, imati mfuti ya mpweya yoponya tizipolopolo tochepera mamilimita 5.6 siifuna laisensi. Apa ndi pamene ambiri amapusa, kuyesa choseweretsa. Gawo 120 la lamulo lomwelo limaletsa kuwombera mfuti ya mpweya m'dera lokhala anthu popanda chifukwa chomveka, kuiloza munthu, kapena kuiwombera moika anthu ndi katundu wawo pangozi. Wolasa mphaka wa mnansi amakumananso ndi lamulo loteteza nyama la 1962 pamodzi ndi a bungwe loteteza nyama la SPCA a ku Grassy Park. Komanso mfuti za masiku ano zothira mpweya m'kathanki zimaponya mwamphamvu kuposa zambiri za nkhalamba zija.

Pa nyumba ina imene ndimagwirapo, agogo aamuna adafuna kuphunzitsa mdzukulu wawo ndi mfuti yawo yakale ya mamilimita 4.5. Adandiitana nati, "Achimwene, tiikire chitini pa mpanda apo." Ndidawayankha kuti, "Abwana, kuseri kwa mpandako mayi aja amayanikako zovala, ndipo ana awo amasewera pomwepo." Kachipolopolo ka mtovu kakagunda konkire kamanjanja, ndipo palibe angalosere kokagwera. Tidasamukira m'galaja. Ndidapeza bokosi lamatabwa, n'kuthiramo makapeti akale ndi nsanza zothinana, kumbuyo kwake n'kusanja matumba a mchenga. Chandamale cha pepala tidachiika m'munsi kuti mfuti izipenya pansi. Nsanza zimameza phokoso limene chitsulo chimabukitsa, pakuti chimene chimaboola m'makutu mwa aneba nthawi zambiri ndi kulira kwa chitini, osati mfutiyo. Mtunda udakwana pafupifupi mamita 10, womwenso amawomberapo pa mpikisano wa Olympics, kumene kuwombera ndi mfuti ya mpweya kudalowa mu 1984.

Chovuta kwa abwana chidali kugogoda pa geti la aneba. Adakhala moyandikana zaka zambiri osadziwana ndi maina omwe. Ndidaumirira, chifukwa munthu wokhala kuseri kwa mawaya amagetsi akaona mpope wa mfuti pa windo safunsa kukula kwa chipolopolo; amaimbira alonda onyamula mfuti zenizeni, ndipo ine wa khungu lakuda woima pambali ndi amene ndingayambe kufunsidwa. Adapita. Mayi aja adabwera kudzaona bokosi lija, napempha zinthu ziwiri: kusawombera masana mwana akagona, ndi kusakhudza nkhanga zimene zimayenda m'magadeni onse a mumsewuwo. Nyumba ina idakana kwamtuwagalu chilichonse chochitikira panja, ndipo tidamvera.

Ndikukhulupirira kuti mwambo wolasa zitini pa kapinga udatha pamodzi ndi minda ija, ndipo mnyamata wofuna luso lenileni apite ku kalabu ya owombera, kumene kuli aphunzitsi ndi malo otetezeka. Wofuna kuyeserera kunyumba achite m'kati mwa makoma, wamkulu ali pambali, atadziwa lamulo ndipo atapempha kaye aneba onse. Mmodzi akakana, mfuti ibwerere m'kabati.