Keeling ndi Muyeso wa pa Phiri la Mauna Loa

M'chaka cha 1896 Svante Arrhenius, munthu wophunzira wa ku Sweden, anawerengera kuti mpweya wa carbon dioxide ukachuluka m'mlengalenga dziko lidzatentha, pakuti mpweyawu umatsekereza kutentha monga chofunda. Koma anzake ambiri anati nyanja zidzameza mpweya wonse wotuluka potentha malasha, ndipo mlanduwo unagona zaka zambiri.

Amene anaudzutsa ndi muyeso wosakayikitsa ndiye Charles Keeling wa ku America. M'chaka cha 1958 makina ake anaikidwa pa phiri la Mauna Loa ku Hawaii, kutali ndi utsi wa m'mizinda, nayamba kuyeza tsiku ndi tsiku. Anapeza kuti m'magawo miliyoni a mpweya, pafupifupi 315 anali a carbon dioxide.

Posakhalitsa anaona zinthu ziwiri. Choyamba, muyeso unkatsika pamene mitengo ya kumpoto kwa dziko lapansi inaphuka nkumamwa mpweyawo, nukweranso masamba atayoyoka ndi kuwola. Chachiwiri, chaka chilichonse muyesowo unkapambana wa chaka chatha. Tsono zinadziwika kuti nyanja ndi nkhalango sizimeza wonse ai, koma ngati theka chabe la umene anthu atulutsa potentha malasha ndi mafuta.

Ndalama zitasowa mu 1964 ntchito inaima miyezi ingapo, koma Keeling sanaleke. Anamwalira mu 2005, mwana wake Ralph napitiriza. Mu 2013 muyeso unafika 400. Mpweya wotsala m'mlengalengawo suchoka msanga: kutentha kwake adzakusenza ndi adzukulu a amene anasonkha motowo.