Njerewere ndi nkhadze ya agogo

Abale akutauni, mdzukulu wanga wabwera ndi mankhwala a njerewere ochokera ku India, akuti ndi a Ayurveda. Ndaseka ndekha. Ku India komweko asing'anga amagwiritsanso ntchito nkhadze, mtengo womwe kwathu kuno ku Kasungu unali mpanda chabe.

M'ma 1980, alimi ang'onoang'ono tisanaloledwe kulima fodya wa bale, ine ndinkagwira ganyu kuesiteti. Zala zanga zinali njerewere zokhazokha, posoka fodya zinkachucha magazi. Agogo ankathyola kanthambi ka nkhadze n'kudonthezera utomoni wake woyerawo panjerewere, m'mawa uliwonse. Kuwawa kwake, eee, ngati khala lamoto. Patapita milungu zinada n'kuthothoka.

Koma tsiku lina mlongo wanga anagwira kanthambiko kenako n'kutikita m'maso. Masiku atatu osaona, kulira usiku wonse, amayi akungomutsuka ndi madzi. Mwayi, diso linachira.

Kuyambira pomwepo agogo anasiya nkhadze, ankangokanda papaya laliwisi n'kutipaka utomoni wake. Limachedwa, koma palibe analiranso. Mdzukuluyo ndamuuza ayambe wakaonetsa zalazo kuchipatala, botololo ndalisunga ine.