Magazi Oundana Kunkhongo: Mbiri ya Kuwapeza ndi Kuwachotsa

Kunkhongo, mkati mwa chigaza, kuli kachipinda kothina momwe muli kaubongo kowongolera kayendedwe ndi tsinde la ubongo lolamulira kupuma. Munthu akagwa chagada fupa la pamenepo n'kusweka, mtsempha waukulu wobweza magazi umatha kung'ambika, magazi n'kumaundana pang'onopang'ono. Wovulalayo, kawirikawiri mwana, amadzuka n'kumacheza bwinobwino. Kukacha mutu wakula, akusanza, akudzandira ngati woledzera, kenaka mpweya umangoduka.

Kuboola chigaza ndi luso lakalekale. Zolemba za Hippocrates zimalitchula, ndipo asing'anga a mtundu wa Kisii ku Kenya ankapalabe fupa la mutu wovulala m'zaka za m'ma 1900. Chovuta chinali kudziwa poboola. X-ray, yomwe Wilhelm Röntgen anatulukira mu 1895, inkaonetsa mng'alu wa fupa koma osati magazi, kotero ambiri vutoli linkadziwika poyeza mtembo. Mu 1941 Coleman ndi Thompson a ku America analemba za wodwala amene anapulumuka atamuchotsa magazi otere.

Kuno akatswiri anafika mochedwa. Mzinda wa Livingstone unali likulu la Northern Rhodesia, Zambia wa lero, kuyambira 1911 mpaka 1935, komabe dokotala wa opaleshoni ya ubongo anadzakhazikika m'chigawo chino cha Africa mu 1956, pamene Laurence Levy anayamba ntchito ku Salisbury, Harare wa lero.

Zinthu zinatembenuka mu 1971, makina a CT a Godfrey Hounsfield atajambula wodwala woyamba pa chipatala cha Atkinson Morley ku London: magazi oundana anayamba kuoneka mbee pachithunzi. Mu 1974 Graham Teasdale ndi Bryan Jennett a ku Glasgow anakonza muyeso wa kukomoka, womwe lero umayambira pa 3 kulekeza pa 15. Ubwino wake, sulira magetsi: namwino amangoona maso, mayankhulidwe ndi kagwedezedwe ka thupi.

Masiku ano magazi akakhala ochepa, wodwala amagonekedwa n'kujambulidwanso. Akachuluka, amamugoneka chafufumimba, kuchotsa kafupa ka kunkhongo, kuwayamwa ndi kutseka mtsemphawo. Chipatala chachikulu cha Livingstone chimalandira ovulala a m'chigawo cha kummwera, koma ulendo wopita ku chipatala cha UTH ku Lusaka, kudzera ku Choma ndi Mazabuka, ndi wa makilomita pafupifupi 470, maola ambiri kwa tsinde la ubongo lopanikizika.