Ndewu Yokwana M'thumba

Mu 1995 gemu yotchuka ya kampani ya Capcom, Street Fighter II, inatuluka pa Game Boy, kachipangizo ka Nintendo konyamula m'manja komwe panthawiyo kanali katatha kale zaka 6 pamsika. Aliyense woidziwa gemuyo akanatha kuneneratu kuti zinthu zivuta. Makina a mu arcade, momwe gemuyo inabadwira mu 1991, anali ndi kandodo koyendetsera ndi mabatani 6, atatu a nkhonya ndi atatu a mateche, lililonse ndi mphamvu yake: yopepuka, yapakati ndi yolemera. Game Boy inali ndi mabatani awiri okha omenyera, A ndi B, ndipo sikirini yake ya timadontho 160 chopingasa ndi 144 chotsika inkaonetsa mitundu inayi yokha, yonse yobiriwira motuwa. Ambiri okamba mbiri ya magemu amadumpha magemu a ndewu a m'manja a nthawi imeneyo, nkumati anali nyambo yokolera ndalama za makolo basi. Ine ndikuona kuti tizipangizo timeneti, chifukwa cha kuperewera kwake komweko, tinakakamiza opanga kusankha chotaya ndi chosunga, ndipo zimene anasankha zinaulula kuti moyo wa gemu ya ndewu uli pa liwiro limene makina amayankhira chala komanso pa mpata wa pakati pa omenyana awiriwo. Zithunzi zokongola ndi kuchuluka kwa mabatani zimabwera pambuyo.

Umboni woyamba ndi wa amene anasankha molakwika. Mortal Kombat ya kampani ya Midway inatchuka mu 1992 chifukwa omenyana ake anali anthu enieni ojambulidwa pakamera, kuphatikizapo magazi omwe anautsa mkangano mpaka ku nyumba ya malamulo ya ku America. Pa 13 Seputembala 1993, kampani ya Acclaim inaitulutsa tsiku limodzi pa makina anayi, awiri mwa iwo a m'manja: Game Boy ndi Game Gear ya Sega. Pa Game Boy opanga anaumirira kusunga maonekedwe a anthu ojambulidwawo, anachotsa womenya mmodzi, Johnny Cage, koma gemuyo inatuluka yolemera miyendo, yoti munthu akadina batani nkhonya imachita kudikiririka. Street Fighter II ya 1995 inagwa m'mbuna yomweyo. Inasunga omenyana 9, kusiya Dhalsim, E. Honda ndi Vega, ndipo inawajambula akuluakulu kuti Ryu aoneke Ryu ndithu, Chun-Li aoneke Chun-Li. Pa chithunzi cha m'magazini zinkasangalatsa. Zikayamba kuyenda, zinkadumphadumpha. Chifukwa chake sichovuta kuchimvetsa: Game Boy inkatha kuyendetsa tizidutswa ta zithunzi 40 tokha nthawi imodzi, osapitirira 10 pa mzere umodzi wa sikirini, kalikonse ka timadontho 8 m'lifupi, ndipo purosesa yake inali ya liwiro la pafupifupi 4 MHz. Womenya wamkulu amadya tizidutswa tambiri ndi nthawi yambiri ya purosesa. Mu arcade sikirini imasintha pafupifupi maulendo 60 pa sekondi, ndipo wosewera amene waona mnzake akumudumphira amakhala ndi kachigawo kochepa ka sekondi kuti asankhe kutchinga kapena kumulandira ndi nkhonya yapadera yotchedwa Shoryuken. Zithunzi zina zikasowa pakati, kusankha kuja kumasanduka kulosera, ndipo luso la wosewera limakhala lopanda pogwira.

Kampani ya Takara ya ku Japan inatenga njira ina. Kuyambira mu 1994 inayamba kutsitsira pa Game Boy magemu a kampani ya SNK ndi anzake, monga Fatal Fury 2, Samurai Shodown, World Heroes 2 Jet ndi The King of Fighters '95, ndipo inawajambulanso omenyana onse kuti akhale afupiafupi, a mitu ikuluikulu ngati tizidole. Wofuna maonekedwe a mu arcade akanati apa achita chipongwe. Koma tiomenyana tating'ono timeneti tinkayenda mofulumira, tinkamvera chala nthawi yomweyo, ndipo tinkasiya malo pa sikirini oti munthu abwerere m'mbuyo, anyengerere mnzake kuti aponye theche lopanda pake, kenako amubwezere. Mpata umenewu ndiwo umapangitsa kuti ndewu ikhale ya nzeru. Bawo yokumba pansi pa mtengo imakhalabe bawo bola maenje akwane ndipo malamulo asasinthe, pomwe bolodi losema mwaluso koma loperewera maenje silingaseweredwe. Takara inataya zosemasema nkusunga maenje.

Wina angatsutse kuti mabatani 6 sanali okongoletsa chabe, kuti kusiyana kwa nkhonya yopepuka yofulumira ndi yolemera yochedwa ndiko kumanga njira zonse za Street Fighter II, ndipo kuti kuwafinyira pa mabatani awiri nkudula gemuyo manja. Pali choonadi pamenepa. Njira imene magemu ambiri a m'manja anatsata inali yakuti ukangogunda batani pang'ono umaponya nkhonya yopepuka, ukaligwiritsa kanthawi umaponya yolemera, ndipo zimenezi zili ndi mtengo wake, chifukwa makina amayenera kudikira kaye kuti adziwe ngati chala chachokapo kapena ayi. Komabe mbiri sikuvomereza kuti nambala ya 6 ndi lamulo. Street Fighter yoyamba ya 1987 inatuluka ndi makina ena okhala ndi ziguduli ziwiri zokha zalabala, china cha nkhonya china cha mateche, ndipo mphamvu inkadalira mmene wosewera wachimenyera. Mabatani 6 ndiwo anapambana chifukwa anthu ankamenya ziguduli zija mopyola muyeso nkuwononga makina. Choncho mabatani awiri okhala ndi mphamvu zosiyanasiyana anali maganizo a pachiyambi penipeni. Takashi Nishiyama, yemwe anatsogolera gemu yoyambayo, anasamukira ku SNK, komwe makina a Neo Geo anali ndi mabatani anayi, ndipo palibe amene ananena kuti Samurai Shodown ndi gemu yolumala. Virtua Fighter ya Sega ya 1993 inali ndi atatu: nkhonya, theche ndi kutchinga. Ngakhale Capcom yomwe, mu Street Fighter 6 ya 2023, inaikamo njira yosewerera ya mabatani ochepa, ndipo njirayo imaloledwa m'mipikisano ikuluikulu.

Amene anamvetsa bwino zonsezi ndi SNK, ndipo sizodabwitsa, popeza ndewu ndiyo inali chakudya chake. Inatulutsa Neo Geo Pocket mu 1998, kenako Neo Geo Pocket Color mu 1999. Mabatani omenyera anali awiri okhaokhawo, sikirini inali yaing'ono mofanana ndi ya Game Boy, koma m'malo mwa kamtanda koyendetsera konga ka pa Game Boy anaikapo kandodo ka chala chachikulu kokhala ndi timaswitchi timene timalira "ke, ke" kakamasuntha, ngati mmene ndodo ya mu arcade imachitira. Izi zingaoneke zazing'ono mpaka munthu atakumbukira mmene kamenyedwe kapadera kotchedwa Hadouken kamaponyedwera: pansi, pansi chakutsogolo, kutsogolo, kenako nkhonya, zonse m'kayendedwe kamodzi kozungulira. Pa kamtanda, mbali ya pakona ija imaphonyeka kawirikawiri. Pa kandodo ka SNK chala chinkaimva ndipo khutu linkaimvanso. Pa Neo Geo Pocket Color mabatire awiri a AA ankakhala maola pafupifupi 40, pomwe Game Gear inkatafuna 6 m'maola osakwana 5. Gemu imene inaonetsa mphamvu ya kachipangizoka ndi SNK vs. Capcom: The Match of the Millennium ya 1999, ya omenyana 26 ochokera m'makampani awiri opikisanawo, onse ojambulidwa afupiafupi monga a Takara aja, koma aliyense akumenya mwa khalidwe lake: Guile akudikira pansi, Zangief akufunafuna pogwira, Kyo akupanikiza osapuma. Ryu wa mmenemo safanana ndi wa mu arcade pa nkhope, koma m'manja mwa wosewera ndi yemwe uja kuposa Ryu wamtali wa 1995.

Otsutsa ali ndi yankho lokonzeka: ngati SNK inalondola, bwanji inagwa? Kampani ya Aruze itaigula mu 2000, kachipangizoka kanachotsedwa m'masitolo a ku America ndi ku Ulaya chaka chomwecho, ndipo SNK inatsekedwa ndi ngongole mu 2001, pomwe Game Boy pamodzi ndi Game Boy Color zinagulidwa zoposa 118 miliyoni. Koma anthu sankagula Game Boy chifukwa cha ndewu. Ankaigulira Tetris, kenako Pokémon, yomwe kuyambira mu 1996 inaukitsa kachipangizo kokalamba kale nkukokera ana onse kumeneko. Kugonja kwa SNK kukutiuza za kukula kwa Nintendo ndi za mavuto a ndalama a kampaniyo, osati za ubwino wa ndewu zake. The Match of the Millennium inabwereranso pamsika pa Nintendo Switch mu 2021 ili mmene inalili, ndi tizidole take tomwe tija.

Chitsutso cholemera kwenikweni ndi china, ndipo sindikuona kuti chingayankhidwe chonse. Chimene chinapangitsa Street Fighter II kudzaza ma arcade sichinali kumenyana ndi kompyuta. Chinali choti mlendo ankatha kuima pambali pako, kuponya kobidi lake, nkukulanda makinawo pamaso pa gulu. Pa chipangizo cha m'manja, kuti awiri amenyane pankafunika zipangizo ziwiri, makatiriji awiri a gemu yomweyo ndi chingwe cholumikizira, zinthu zomwe sizinkakumana kawirikawiri. Super Game Boy ya 1994, yomwe inkalola kusewera makatiriji a Game Boy pa TV kudzera pa Super Nintendo, inathandiza chifukwa magemu ena ankalola awiri kusewera ndi katiriji imodzi, koma pamenepo ndiye kuti ndewuyo yatuluka m'thumba yabwerera pabalaza. Street Fighter Alpha ya pa Game Boy Color, yomwe kampani ya ku Britain ya Crawfish Interactive inapanga mu 1999, inkayenda mosalala modabwitsa, koma inalibe njira yoti awiri asewere. Kompyuta siopa, sinyada, sibwereza cholakwa chifukwa chopsa mtima, choncho womenyana nayo amaphunzira theka lokha la luso. Ndikuvomereza zimenezo. Kungoti kusowa kwa mdani wamoyo kunagwera magemu onse a m'manja mofanana, abwino ndi oipa omwe, ndipo pa tsiku limene chingwe chinapezeka, gemu yomvera chala ndiyo inkapereka ndewu yeniyeni, pomwe yodumphadumpha ija inkangopereka mwayi.

Luso lofinyira limeneli silinakhalitse. Game Boy Advance ya 2001 inabwera ndi mabatani anayi omenyera, ndipo Crawfish yomweyo inakwanitsa kulongedza Street Fighter Alpha 3, ya omenyana oposa 30, mu katiriji imodzi mu 2002, chaka chomwe kampaniyo inatsekedwa. PlayStation Portable (PSP) ya Sony itafika mu 2004, panalibenso chifukwa chofupikitsira aliyense. Street Fighter Alpha 3 MAX ya 2006 inali ndi zithunzi za mu arcade, mabatani okwanira, ndipo awiri ankatha kumenyana popanda chingwe. Dandaulo lalikulu la osewera ake linali pa kamtanda koyendetsera ka PSP, komwe kankaphonya mbali za pakona poponya Hadouken, vuto lomwe SNK inali italithetsa kale mu 1998 pa kachipangizo kopanda ngakhale mitundu.